Mphepo Ipite Kumbuyo

Loweruka la chinkhoswe chake, dzuwa la Julaye likuwotcha ngati lakwiyira Indiana yense, Kenan anakhala pambali pa malume ake a Sosten m'motahomu yobwereka, chigalimoto chokhala ndi khitchini, bafa ndi chipinda chogona, ulendo wochoka ku South Bend kupita kwawo kwa bwenzi lake Belinda ku Indianapolis. M'chipinda cha kumbuyocho, m'basiketi ya zochapa, munali tambala wamoyo amene Kenan anamulowetsa mobisa, poti mwini galimoto, a Eugene, anali atawalumbiritsa malumewo pa nkhani ya ziweto, ndipo a Sosten ndi munthu wosunga mawu monga momwe anatulukira pakamwa pa mwini wake.

"Iwe Kenan," anatero a Sosten, maso ali pamsewu. "Wagwira chiyani kudengako?"

"Palibe, malume. Ndimangowongola msana."

"Msana wako ukawongoka, mphepo imasiya kundiwomba pakhosi?"

"Mwina yatopa."

"Mphepo siitopa. Tsegula venti watsekayo."

Kenan anaitsegula theka. Motahomuyo inali ndi maeyakoni awiri padenga oziziritsa mpweya, ina kutsogolo, ina kuchipinda, ndipo onse ankathira mphepo m'njira imodzi yodutsa m'siling'i, mphepoyo n'kumatulukira pa timabowo totchedwa maventi. Ukatseka maventi a kuno, mphepo inkathamangira uko. Ya pa dashibodi inafa kalekale. Kenan anali ataziphunzira zonsezi sabata yathunthu, ngati munthu wokonzekera kuthawitsa mkaidi.

"A Eugene anati chiyani?" anafunsa a Sosten, nadziyankha okha. "Anati, ‘Sosten, pamsewu uyatse ya kutsogolo yokha. Ya kumbuyo uzimitse, chitseko utseke, jenereta ndi yokalamba. Mphepo ipite komwe kuli anthu.’ Anthu ali kuti?"

"Kuno."

"Basi."

"Koma kumbuyoko kuli katundu."

"Katundu satuluka thukuta."

"Mphatso zingawonongeke."

"Lichero ndi mithiko? Zinakulira padzuwa zimenezo. Kapena ukunena tambala uja?"

Mtima wa Kenan unaima, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kuyambiranso.

"Tambala... uti, malume?"

"Wapulasitiki uja wa kutchalitchi. Ali pansi pa sinki. Wayenda zinkhoswe zonse za mu Indiana muno, sanadandaulepo za kutentha."

"Aa. Ameneyo."

"Palinso wina?"

"Taonani chimanga, malume. Chabereka chaka chino."

Tambala wapulasitikiyo ndi amene anayambitsa zonse. Pa chinkhoswe china chaka chatha, ankhoswe akusinthana nkhuku, bambo ake a Belinda, munthu amene sanamumwetulirepo Kenan ngakhale mwangozi, anayang'ana chidolecho ndi mlomo wake wothyoka, n'kunena chapansipansi kuti, "Kwathu tambala amalira." Kenan anamva. Kuyambira tsiku limenelo ankalota chinthu chimodzi: bwalo la kuseri kwa nyumba ya apongozi ku Lawrence, dera la ku Indianapolis komweko, anthu ali chete, basiketi ikuvundukulidwa, tambala akukupiza mapiko, nkhope ya mdalayo ikusungunuka, ndipo pansi pa chitenje Belinda akugwedezeka ndi kuseka. M'maloto onsewo tambalayo ankafika wamoyo.

"Ndikamwe madzi," anatero Kenan, akumasula lamba.

"Botolo lili pamwendo pako."

"Amenewa atentha."

Anapita kukhitchini akudzandira, nazungulitsa venti ya pamwamba pa tebulo mpaka inatsekeka, kenako ya pasinki. Pomaliza anakankha kachitseko ka pansi pa eyakoni, kamene kamagwetsa mphepo yonse pamitu ya okhala kutsogolo. Phokoso linasintha. Mphepo inalowa m'siling'i, ulendo wa kumbuyo.

"Madzi aja ali kudenga?"

"Ndimagwirira kuti ndisagwe."

"Dontho la thukuta landilowa m'khutu, Kenan. Ine ndavala jekete."

"Vulani, malume."

"Nkhoswe siivula jekete. Tsegula."

"Malume, mutu ukundipweteka. Ndikagoneko pang'ono kumbuyoko. Tingoyatsa yachiwiriyo."

"A Eugene anati galimoto ikamayenda kumbuyo sikukhala munthu. Kulibe lamba."

"Ndiye tiyatse kuti tikafika ndikapeze kukuzizira."

"Ukupita kukagona kapena kukakwatira?"

Pamenepo kumbuyoko kunamveka kukanda, kwe-kwe-kwe, kenako kamawu kakang'ono kokhala ngati munthu amene akufuna kulankhula koma akuyamba waganiza.

"Wamva?"

"Ndi firiji."

"Firiji ili apa. Icho chachokera uko."

"Ndi tayala."

"Tayala silitsokomola."

Kenan anabwerera pampando, namanga lamba pang'onopang'ono. Kunama bodza lenileni tsiku la chinkhoswe chake sakanatha. Ankakhulupirira kuti bodza la tsiku lotere limakagona m'banjamo mpaka kalekale. Kuulula nakonso sakanatha. Anasankha njira ya pakati, imene inali yoipa kuposa zonse ziwirizo.

"Malume, kumbuyoko kuli wina."

Galimoto inachepetsa liwiro yokha. A Sosten anakonza kalilole.

"Wina ndani?"

"Sindinganene. Ndi chinsinsi mpaka tikafike."

"Kenan. Mwana wa mlongo wanga. Ndi wamkazi?"

"Ayi, wamwamuna."

"Ambuye alemekezeke." Anapuma mpweya wautali. Kenako anatsitsa mawu. "Mapepala ali nawo?"

"Alibe."

"Ngakhale limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

A Sosten anayang'ana kalilole wa kumanzere, wa kumanja, ndi wa pakati, ndipo anayamba kudiraiva mwaulemu kwambiri.

"Analowa bwanji m'dziko muno?"

"Sanalowe. Anabadwira konkuno, pafamu ina kupitirira Nappanee."

"Aa, iwe! Ndiye ndi nzika! Nzika ikubisaliranji m'chipinda? Ife a mavisa tikhale pawindo, mwini dziko abisale?"

"Ndi wamanyazi."

"Chingerezi amayankhula?"

"Ayi."

"Chichewa?"

"Ayi."

"Nanga munamvana bwanji?"

"Ndinangomunyamula."

"Ndi wodwala?"

"Adwala mukapanda kuyatsa eyakoni."

A Sosten anaganiza mtunda wonse wa munda umodzi wa chimanga, ndipo minda ya ku Indiana ndi yaitali.

"Mphepo ipite komwe kuli anthu," anatero pomaliza. "Kumbuyo kuli munthu. Kayatse."

Kenan anauluka. Anadina batani lachiwiri pakhoma, jenereta inabuula pansi pa mapazi ake ngati yadzutsidwa kutulo, koma inapirira. Kuseri kwa chitseko eyakoni ya kumbuyo inayamba kuyimba. Kenan anatsamira khoma, maso ali otseka, ndipo bwalo la ku Lawrence linabwereranso, ndi mipando yake yoyera.

"Tsopano tsegula chitsekocho."

Bwalo linachoka.

"Chifukwa chiyani?"

"A Eugene anati, ‘Ukakakamizika kuyatsa onse awiri, chitseko chikhale chotsegula, maventi onse ofanana, mphepo izizungulira.’ Tsegula. Ndipo muuze mnzakoyo abwere kuno avale lamba."

"Lamba sangamukwane."

"Ndi wonenepa?"

"Ndi wamfupi."

"Ndi mwana? Kenan, waba mwana wa eni ake?"

"Ayi, malume! Ndi wamkulu ndithu. Ali ndi mabanja."

"Mabanja."

"Eya."

"Angati?"

"Ndinayamba kuwerenga, koma ankangoyendayenda."

"Wamitala!" A Sosten anamenya chiwongolero. "Wamitala wa ku Nappanee! Ukupita naye kunyumba ya mkulu wa mpingo?"

"Ndikufuna apongozi amuone."

"Amuone kuti atani?"

"Akangomuona, mtima wawo ufewa. Mwinanso agwetsa misozi."

"Zimenezo ndiye sindikukayika. Nanga Belinda akumudziwa?"

"Ayi. Koma akangomuona amukonda."

"Ndipo iwe ukunena zimenezi ukumwetulira."

"Ndi wokongola, malume. Chifuwa chake, kayendedwe kake. Ataima pakati pa anzake, ndinangodziwa kuti ndi ameneyu."

A Sosten anamasula batani la pakhosi, chinthu chimene sanachitepo pa ntchito ya unkhoswe.

"Abwerera nafe?"

"Ayi. Akatsala komweko."

"Kwawo kwa mkazi wako."

"Kuseri kwa nyumba."

"Iwe uli ku South Bend."

"Eya."

"Mpaka liti?"

"Ndikuganiza mpaka Khirisimasi."

"Kenako apita kuti?"

"Zimenezo ndi za apongozi."

"Kenan, tamvera. Nkhoswe ndi ine. Banja likayamba kugwedezeka, foni imalira kwa ine, osati kwa iwe. Akadzandifunsa kuti wamitalayu anabwera bwanji, ndidzati chiyani? Ndidzati ndinamudiraiva ndekha, ndi eyakoni?"

"Simudzafunsidwa zoipa. Mudzathokozedwa."

A Sosten anatembenuza mutu pang'ono, nakweza mawu. "Odi kumbuyoko! Achimwene! Mwaswera bwanji?"

Chete.

"Achimwene a ku Nappanee! Kuno ndi a Sosten, malume ake a mnyamatayu!"

Chete.

"Sapereka moni?"

"Amapereka m'mamawa."

"Nthawi ino sapereka?"

"Zimatengera."

Koma kukhala chete kumeneko kunamudetsa nkhawa Kenan. Kukanda kuja kunali kutasiya. Anayesa kukumbukira ngati anaika madzi okwanira m'kachitini, ngati dzuwa silinkalowera pawindo la kumbuyo n'kugwera pabedi penipeni, ngati thaulo limene anaphimbira basiketi silinali lokhuthala kwambiri. M'maganizo mwake bwalo lija linabweranso, basiketi ikuvundukulidwa, koma ulendo uno munalibe chokupiza mapiko, ndipo bambo ake a Belinda anayang'ana m'katimo kwa nthawi yaitali asanamuyang'ane iyeyo.

"Malamulo ndi awiri," anatero a Sosten. "Chitseko chotseka, eyakoni imodzi. Chitseko chotsegula, awiri. Sankha."

"Chitseko chotseka, awiri."

"Limenelo a Eugene sananene."

"Mwina anaiwala."

"A Eugene saiwala. Anandiuza ngakhale mbali yopachikira tsache."

"Malume, mphepo siidziwa kuti a Eugene ananena chiyani."

"Mphepo siidziwa, koma ine ndikudziwa. Tsegula chitseko, kapena zimitsa."

"Sinditsegula."

"Zimitsa."

"Sindizimitsa."

Jenereta inamva mkanganowo, ndipo inaweruza yokha. Inatsokomola kawiri, inanjenjemera, n'kukhala chete. Maeyakoni onse awiri anapuma mpweya wotsiriza. M'galimoto munatsala phokoso la matayala basi, ndi kutentha kumene kunali kudikira panja kuyambira ku South Bend.

"Waona," anatero a Sosten mosakweza mawu. "Limenelo a Eugene sananene."

"Malume, imani! Chonde imani!"

"Pamsewu waukulu siima motahomu. Anati ndizipaka pafilingi, pomwetsera mafuta."

"Afa!"

"Munthu wa mabanja ambirimbiri safa ndi mamailosi ochepa."

Filingi inapezeka kufupi ndi Kokomo. A Sosten anapaka pamthunzi, mawilo ali pakati penipeni pa mizere, nakoka handibuleki, namanganso batani la pakhosi, nakonza jekete. Kenako anayenda mwaulemu kupita kumbuyo. Kenan anawadutsa n'kuima pachitseko, manja atatambasula.

"Malume, ndiyambe ine."

"Wamkulu ndani?"

"Inuyo. Koma musanalowe, kumbukirani kuti ndine mwana wa mlongo wanu."

"Ndikukumbukira. N'chifukwa chake sindinakusiye panjira ku Plymouth. Suntha."

"Ndipo kumbukirani kuti ndimamukonda Belinda."

"Ndiye unakamutengera wamitala. Suntha."

Kenan anasuntha. A Sosten anagogoda katatu, nawomba m'manja pang'ono.

"Odi, achimwene. Pepani, tilowe."

Anatsegula. Kamphepo kotsala kanawadutsa kumaso n'kutha. Pabedi la a Eugene, pamwamba pa nyuzipepala zoyalidwa mosamala, panali basiketi. Thaulo linali litagwera mbali imodzi. M'katimo munagona tambala wofiira wa mchira wakuda wonyezimira, mlomo uli yasa, mapiko atagwera pansi, diso limodzi likuwayang'ana ngati likufunsa kuti mwa awiriwa wolakwa ndani.

A Sosten analoza m'basiketimo.

"Uyu ndiye nzika."

"Ndi ameneyu."

"Wamitala."

"Eya, malume."

"Wosayankhula Chichewa."

"Pa zimenezo sindinanene bodza ngakhale limodzi."

A Sosten anayandikira bedi. Anawerama, nalowetsa manja onse awiri m'basiketi, namutulutsa tambalayo monga mmene amanyamulira mbale ya mgonero. Anamuyeza kulemera. Anamugwira pachifuwa ndi chala chachikulu. Anatambasula phiko limodzi, naliyang'ana kuwala kwa pawindo, nalibwezera pamalo pake. Kenan anadikira chiweruzo. Ankaona kale tambala wake akusiyidwa kuseri kwa filingi, pakati pa migolo ya zinyalala, akuyang'ana motahomu ikuchepa mumsewu.

"Chifikireni m'dziko lino," anatero a Sosten pang'onopang'ono, "nkhuku ndimaziona zopanda mutu, zokutidwa m'pepala."

"Malume, ndikudziwa kuti munalumbira kwa a Eugene. Ndikonza ndekha. Nditsuka, ndipopera, nthenga iliyonse nditola. Kungoti musamusiye pano."

"A Eugene anati, ‘Sosten, galu asalowe. Mphaka asalowe.’"

"Eya, ndikudziwa, koma..."

"Uyu ndi galu?"

"Ayi."

"Ndi mphaka?"

"Ayi."

"Ndiye ukuimiriranji? Bweretsa madzi. Osati ozizira kwambiri, angamugwire pachifuwa."

Kenan anathamanga. A Sosten anakhala m'mphepete mwa bedi, tambala ali pamwendo, namuviika mlomo m'kapu. Tambala anamwa, nakweza mutu kumwamba, namwanso. Anamupaka madzi pansi pa mapiko ndi kumiyendo. Patapita kanthawi, phiko limodzi linabwerera pamalo pake, kenako linalo. Tambala anaimirira pa thalauza la a Sosten, natambasula khosi, nakoka mpweya.

"Ayi, bwana," anatero a Sosten, akumugwira mlomo mofatsa. "Osati pano. Sungani mawu."

Kenan anatsamira chitseko. Dziko linakongolanso. Ngakhale filingi ya ku Kokomo inaoneka ngati malo amene munthu angadzabwere ndi ana ake kudzawaonetsa.

A Sosten anamubwezera m'basiketi, nasunthira basiketiyo pakona pamene dzuwa silinkafika, natseka makatani. Anatuluka panja, nagwada pambali pa galimoto, nakankha kabatani ka jenereta monga anauzidwira. Jenereta inadzuka monyinyirika. Atabwerera anaima pakhoma la mabatani aja, manja ali kumbuyo.

"Yanena yokha kuti ikufuna imodzi," anatero. "Ndiye imodzi."

Anadina lachiwiri. Kumbuyo kunayamba kuyimba. Loyamba sanalikhudze.

Kenako anayamba kuyenda m'galimotomo mutu uli chagada. Venti ya kuchipinda anaizunguliza kuti mphepo igunde khoma, isagwere pa mlendo mwachindunji. Anatseka chitseko. Anatseka ya pabafa. Anatseka ya pasinki, imene Kenan anaitseka kale, kuti atsimikize. Anatseka ya patebulo. Atafika kutsogolo anatseka ya pamwamba pa mpando wawo, kenako anatambasula dzanja pamwamba pa mpando wa Kenan.

"Malume, imeneyo isiyeni."

"Ikuba mphepo."

"Pang'ono pokha."

"Pang'ono pokha ndi pamene panatsala kuti tikapereke mtembo."

Anaitseka mpaka inalira kuti ke. Anavula jekete, naipinda bwinobwino, naiika pampando wa patebulo.

"Munati nkhoswe siivula jekete."

"Pamaso pa anthu. Manga lamba."

Analowanso mumsewu. Dzuwa linalowa pagalasi la kutsogolo lonse lathunthu n'kukhala nawo pampando. Asanapite patali, malaya oyera a Kenan anali atamatirira kumsana, tayi yasanduka chingwe chonyowa, ndipo mafuta onunkhira amene anawasankha mwezi wathunthu poganizira mphuno ya Belinda ankatsikira m'maso.

"Malume."

"Mm."

"A Eugene anati mphepo ipite komwe kuli anthu."

"Anatero."

"Anthu ali kuno."

"Ali kuno."

"Ndiye?"

"Ndikawauza ndekha kuti pamenepo pokha analakwitsa."

Kenan anawayang'ana. M'moyo wake wonse anali asanamvepo mawu otere pakamwa pa malume ake.

"Ndingotsegula windo."

"Ulowetsa kutentha. Kudutsa pansi pa chitseko."

"Suti yanga yanyowa. Ndikafika ngati anditola m'chitsime. Belinda akavundukulidwa aona chiyani?"

"Aona tambala."

"Malume, mutu ukuzungulira. Ndikhoza kukomoka. Chinkhoswe ndi changa ichi!"

A Sosten anapukuta thukuta pachibwano ndi kuseri kwa dzanja, natchera khutu kumbuyo, kumene kunkamveka kukanda kwa munthu wokhutira.

"Ukakomoka, ukomokere pampandopo, lamba ali m'chiuno," anatero. "Chinkhoswe cha amayi ako ndinachiyendetsa ine, bambo ako ali ku Joni. Palibe anafunsa kuti mkwati ali kuti. Onse ankafunsa za tambala."